Dzuwa Lisanayambe Mwano

Ndimakwera Kanjala tambala wachiwiri atalira,
kamera ili m'jumbo ya shuga kuopa mame,
miyendo itatu yachitsulo paphewa,
umodzi womanga ndi mphira wa njinga.
Chisoso chandigwira kale buluku mpaka m'mawondo.
Pansipo Chipata akali kufufuza nsapato mumdima:
kumzikiti aitana,
basi ya ku Lusaka ikutsokomola pasiteshoni,
njinga zamakala zikulowa m'tauni mwakachetechete
ngati zikuzemba mlandu.

Kuwala kumene ndimadzera kuno sikukhalitsa.
Kumalowera cha ku Mwami, kopanda pasipoti,
kotuwa ngati phulusa la zitsononkho,
kenako kufiirira ngati m'kati mwa gwafa,
n'kumakhudza malata a ku Kapata limodzilimodzi
monga mayi wowerenga ana pamphasa.
Nkhungu ya mu Lunkhwakwa imanyamuka mwamanyazi.
Ukangoti uyetsemule, zapita.
Ikakwana seveni dzuwa lakula, layamba mwano,
limapaka chilichonse laimu,
phiri n'kusanduka phiri basi.

Ndiye ndimagwira mpweya. Khetche!
Kachiwiri. Galu wa eni ake walowa m'chithunzi.
Msiyeni, nayenso ndi wa m'mawa uno.

Eyiti koloko mundipeza kuseri kwa msika,
nsalu yoyera ili pakhoma,
ndikuuza a Shawa, "Dzutsani chibwano, makutu onse aoneke,"
chithunzi cha registi sichifuna kumwetulira.
Masana ndili pamakwerero, bulashi m'manja,
kulemba dzina la Tikambenji pamwamba pa saluni yake.
Loweruka ukwati ku Katete.
Lolemba mwina mtanda wa maliro,
zilembo zoyera pathabwa lakuda,
dzanja lisanjenjemere pakati pa tsiku lobadwa ndi linalo.

Yotamu, mnzanga wa kusukulu, amandiseka:
"Kodi iwe ntchito yako yeniyeni ndi iti?
Mapanga awiri avumbwitsa, mwana."
Sindimuyankha.
Ndimangoona munda wa bambo ku Chiparamba:
chimanga chili chilili, maungu akuyanga pansi,
khobwe akukwera phesi, nsawa m'mphepete.
Chaka chija chimanga chinapserera
tinadya maungu mpaka Juni,
pakhomo pathu sitinaike munthu.

Komanso ntchitozi zimapalana moto
ngati anthu oyandikana makomo.
Phiri ndilo linandiphunzitsa kudikira mkwatibwi
mpaka aiwale kuti ndilipo.
Nkhope za registi zinandiuza kuti makwinya ndi zigwa,
amafuna kuwala kodzera m'mbali.
Utoto uja ndinasakaniza pachikwangwani cha Tikambenji
ndinauba kuno, pamtambo wa Lachitatu lina.
Mwini wake sadziwa,
amangoti masiku ano anthu akubwera.

Zithunzi za m'mawa palibe amagula.
Ndanama, alipo mmodzi:
namwino wina amene anamusamutsira kutali
anasankha chija cha utsi wa ku Mchini,
anaika chala pakona nati,
"Denga ili ndi la amayi anga."
Ine dengalo sindinalione, ndinaona utsi wokha.
Anasiya fifite kwacha patebulo,
anatuluka akupukuta m'maso ndi kolala.

Zinazo zili m'katoni ya sopo pansi pa bedi,
m'mawa mazana atatu, palibe awiri ofanana.
Mkazi wanga amati tsiku lina chiswe chidzaona Chipata yense
osatuluka m'nyumba.

Taonani, kwayamba.
Nsonga ya mlongoti yayaka, mitengo ya mango ikali yakuda,
mayi wina wayanika chitenje chachikasu
pamalo penipeni pamene chithunzi chimasowa chikasu.
Musandiyankhulitse tsopano.
A Shawa adikire, utoto udikire,
ngongole ya Yotamu idikirenso.
Mwendo wa mphira uja wayamba kutsetsereka,
ndiugwiriza ndi bondo.